Kuphikira agogo chakudya chaulemu ndi za m'dimba mwanu

Anthu ambiri akafuna kusangalatsa agogo amathamangira kugolosale kukagula mpunga, mafuta, nkhuku yoyera ya mufiriji ndi zakumwa za m'mabotolo. Agogo amalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, koma mbale ikamabwerera kukhitchini mumaona kuti angotsinako pang'ono. Munthu wachikulire amadya mokhutira akapeza ndiwo zomwe adakulira, zophikidwa mofatsa, zofewa molingana ndi mano ake, mchere ndi mafuta zili zochepa. Zambiri mwa izo zili kuseri kwa nyumba yanu kapena kudimba.

Chakudya chomwe tifotokoze pano ndi cha anthu anayi kapena asanu: nsima, nkhwani wotendera, chipere cha nyemba ndi therere, kenako futali wa mbatata wodya madzulo. Amene ali ndi nkhuku yachikuda pakhomo akhoza kuonjezerapo. Nyengo yomwe zonsezi zimapezeka pamodzi ndi ya masika, kuyambira Marichi mpaka Meyi. M'chilimwe, amene alibe dimba lothirira agwiritse ntchito mpiru, khwanya kapena mfutso m'malo mwa nkhwani. Tikati kapu tikunena ya tiyi yaikulu, ya mamililita 250.

Musanathyole tsamba ngakhale limodzi, dziwani zinthu zitatu za agogowo: mano ali bwanji, achipatala adawaletsa chiyani, ndipo nsima amakonda ya ufa uti. Mukachita manyazi kuwafunsa eni ake, funsani amene amawaphikira masiku onse. Nkhani ya ufayi musaipepule. Achikulire ambiri amaona nsima ya ufa woyera ngati ulemu kwa mlendo, moti mgaiwa angaulandire ngati mwawaderera. Komabe kwa amene ali ndi shuga mgaiwa ndiwo wabwinoko, ndipo ngakhale wa mgaiwawo mtanda ukhale waung'ono.

Dzulo lake madzulo

Ntchito imayamba ndi nyemba ndi mtedza. Sankhani makapu awiri a nyemba zouma pa lichero, kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, n'kuziviika m'madzi ozizira okwana kuzimiza kawiri. Zigone m'madzimo maola 8 mpaka 12. Nyemba za chaka chino, kaya ndi nanyati, kholophethe kapena napilira, zimasupuka khungu mosavuta. Zogonera chaka chatha zimakanirira ndipo zimachedwa kupsa.

Mtedza ndiwo ufunika maso. Iswani wokwana makapu awiri ndipo muusankhe umodziumodzi padzuwa, osati mumdima wa m'khitchini. Uliwonse wofota, wakuda, wobooka kapena wa chuku tayani, nkhuku musaipatse. Chuku cha mtedza chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo satha ndi kuphika. Kupatula apo, mtedza umodzi woola umawawitsa mphika wonse. Ngati mtedza ndi wokumba kumene, uyanikeni masiku angapo mpaka uzilira mukaugwedeza m'makoko, chifukwa wauwisi sutuluka ufa mumtondo, umangomatirira.

Nsinjiro zotendera ndi za mtedza wosakazinga. Sinjani pang'onopang'ono, dzanja limodzi kapena awiri pa ulendo, ndipo munsi uzigwa mopepuka. Mukasinja kanthawi, khuthulirani mu sefa, zotsala pamwamba mubwezere mumtondo. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kudzaza mtondo n'kumasinja mwamphamvu osasefa: mafuta amatuluka, ndipo m'malo mwa nsinjiro mumapeza chiponde. Mtedza wofiira wa CG7 uli ndi mafuta ambiri kuposa chalimbana, choncho umafulumira kumata. Mukaona zayamba kugwirana, wazanimo supuni imodzi ya ufa wachimanga, umayamwa mafutawo. Makapu awiri a mtedza amatulutsa nsinjiro zokwana nkhwani ndi futali yemwe.

Ngati mukufuna kukoma kwa kale kwenikweni, konzaninso chidulo m'malo mwa soda. Tenthani zitsononkho zouma bwino kapena makoko a nyemba pamalo oyera mpaka zisanduke phulusa. Ikani phulusalo m'chitini chobowola pansi, mutayala kansalu koyera mkati, thirani madzi pang'onopang'ono ndipo adonthere m'mbale. Madzi oyamba kudontha ndiwo amphamvu. Phulusa la pamoto wa masiku onse, pomwe anthu amaponyapo mapepala a pulasitiki, musaligwiritse ntchito.

Kudimba m'mawa

Thyolani dzuwa lisanakwere, masamba akadali olimba ndi mame. Amasana amakhala atafota ndipo savuta kung'ambika posadzula. Ngati mudapopera mankhwala, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanakolole. Ngati sanakwane, kathyoleni kwina.

Pa nkhwani, tengani masamba anthete a kufupi ndi nsonga ya mtambo, aakulu ngati chikhatho. Akuluakulu a kutsinde ali ndi minga yolimba ndipo ngakhale muwaphike motani amakanda kukhosi. Mufunika manja odzaza asanu kapena asanu ndi limodzi, poti nkhwani umanyala kwambiri pamoto. Thyolaniponso chiluwe. Duwa lachimuna lili pa kaphesi kowonda kakatali. Lachikazi lili ndi kadzungu pansi pake. Tengani achimuna, koma musamalize onse, njuchi zikufuna ena kuti maungu abereke. Timaungu tiwiri tanthete, tomwe chikhadabo chimalowa mosavuta, timakometsa ndiwozi ndipo timafewa bwino.

Therere liyeseni pothyola kansonga kake ndi chala. Likathyoka kuti thwa, ndi lanthete; likangopindika, lakhwima, lisiyeni likhale la mbewu. Tengani 20 kapena 25. Onjezani matimati akupsa bwino 8, anyezi awiri, ndi mbatata yokwana kilogalamu imodzi. Mbatata yofiira mkati, monga zondeni kapena kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wothandiza maso, komanso imafewa msanga. Yokumba lero simatsekemera ngati yomwe yakhala pamthunzi masiku anayi kapena asanu, choncho ngati mungathe ikumbeniretu.

Masamba tsukani musanadule. Nyengo ya mvula dothi limathovukira kunsi kwa masamba, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati agogo kuluma mchenga. Amizeni m'beseni la madzi ambiri, agwedezeni, kenako muwavuule ndi manja n'kuwaika m'beseni lina. Mukakhuthula madzi masamba ali momwemo, mchenga womwe unakhazikika pansi umabwereranso pa masambawo. Chitani katatu. Chiluwe ching'ambeni muone mkati, mumabisala nyerere ndi tizilombo tina.

Chipere chiyambe, chifukwa chimachedwa

Ngati mungathe, kolezani moto pawiri: pamafuwa ndi pambaula. Khuthulani madzi omwe nyemba zinagonamo, thirani ena, ndipo muzifikise pakati pa zikhatho. Makungu amayandama, muwatsanulire kunja. Zokanirira zifinyeni ndi zala imodziimodzi. Ntchitoyi ndi yotopetsa, apatseni ana. Musasiye makungu ambiri, poti ndiwo amavuta kutafuna ndiponso kutupitsa mimba, ndipo cholinga cha chipere ndi kuwachotsa.

Ikani nyembazo mumphika ndi makapu asanu a madzi. Ziwire kwambiri mphindi 10 zoyamba, muchotse thovu, kenako chepetsani moto zipse mofatsa kwa mphindi 45 mpaka ola. Mchere ndi matimati zidikire. Matimati akalowa msanga, kuwawasa kwake kumachedwetsa nyemba kufewa. Madzi akaphwa nyemba zisanapse, onjezani otentha. Zikayamba kusungunuka zokha, zipondeni ndi mthiko m'mbali mwa mphika mpaka zisalale ngati phala.

Pambali, kazingani anyezi mmodzi wodula bwino m'masupuni awiri a mafuta, onjezani matimati atatu osenda khungu, apse mpaka asungunuke, ndipo muthire mu chiperecho pamodzi ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Kusenda matimati n'kosavuta: aviikeni m'madzi owira kwa kamphindi, khungu limasupuka lokha. Kuyambira apa musachoke pamoto. Chipere chikalimba chimagwira pansi mwachangu, ndipo chikangopserera fungo lake limalowa monsemo. Zikatero musakande pansi. Tsanulirani cha pamwamba mumphika wina. Chiphuleni chikadali chamadzi pang'ono, chifukwa chikamazizira chimalimba chokha.

Ngati pali nkhuku yachikuda, ikhale pamoto wachiwiri nthawi yomweyi. Iduleni, iwiritseni ndi makapu atatu a madzi ndi mchere pang'ono kwa ola limodzi ndi theka, kapena kupitirira ngati ili tambala wamkulu, mpaka nyama iyambe kusiyana ndi fupa. Madzi akatsala pang'ono, atsanulireni m'kapu, nkhukuyo ikazingike m'mafuta ake omwe, kenako anyezi, matimati awiri, n'kubwezera msuzi uja. Mukaikazinga isanafewe, agogo angoyamwa msuzi nyama n'kuibweza.

Nkhwani wotendera

Apa ndi pomwe mlendo wachikulire amayesera wophika. Sadzulani tsamba lililonse: thyolani kaphesi pang'ono kumapeto, kokani ulusi kutsika mpaka pa mitsempha ya tsamba, tembenuzani, chitaninso mbali ina mpaka timinga tathe. Osasadzula bwino amaphika ndiwo za ulusi zokola m'mano. Mukatha, unjikani masamba, apindeni, muwadule mopyapyala. Timaungu tija tiduleni tizidutswa ting'onoting'ono.

Wiritsani kapu imodzi ya madzi ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Thiranimo masupuni awiri kapena atatu a chidulo, kapena soda wa pansonga ya supuni ya tiyi, osapitirira kotala. Ikani timaungu tiwire mphindi 3, kenako masamba. Atembenuzeni kamodzi kuti onse alawe madzi otentha, apse mphindi 5 mpaka 7. Tsinani tsamba limodzi: likatha pakati pa zala, lafewa.

Tsopano ikani chiluwe ndi matimati awiri odula pamwamba, ndipo pamwamba pa matimatiwo wazani kapu imodzi ya nsinjiro. Musavundule. Vundikirani, chepetsani moto, nthunzi inyowetse nsinjirozo kwa mphindi 4 kapena 5. Mukavundula nthawi yomweyo, nsinjiro zouma zimatsikira pansi n'kupserera masamba asanagwirane nazo. Zikanyowa, vundulani bwino ndi mthiko, ndipo ndiwozo zibwate pamoto wochepa mphindi 10 zina, mukutembenuza pafupipafupi.

Mudzadziwa kuti zapsa fungo la mtedza wauwisi likatha, ndiwo zikagwirana, ndipo timafuta tikayamba kuoneka m'mphepete. Nsinjiro zosapsa zimamveka ngati ufa pa lilime ndipo zimatsegula m'mimba, makamaka mwa munthu wachikulire. Ndiwo zikachuluka madzi, vundukulani aphwe. Musaonjezere nsinjiro zina kumapeto, sizipsa. Zikauma msanga, thirani madzi otentha pang'ono m'mbali mwa mphika. Mafuta ophikira salowamo, mtedza uli nawo kale.

Za soda tinene mosabisa. Amafewetsa masamba msanga, koma akachuluka ndiwo zimaterera, zimamveka sopo, ndipo mavitamini ena amaonongeka. Chidulo nachonso chikapyola muyezo chimachita chimodzimodzi. Nkhwani wanthete wothyola m'mawa womwewo umapsa bwino popanda chilichonse mwa ziwirizi, mungoonjezera mphindi zochepa. Kumbukiraninso kuti soda ali ndi sodium ngati mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, pafupifupi supuni ya tiyi imodzi, choncho kwa agogo a BP chepetsani zonse ziwiri.

Mphika wadothi umakometsa ndiwozi, koma umasunga moto. Uphuleni ndiwo zitatsala pang'ono kufika pomwe mukufuna, zimalizikira pansi.

Therere silitenga nthawi, choncho liphikeni nsima ili pafupi. Lipukuteni liume, chotsani mitu, liduleni mopyapyala. Wiritsani kapu imodzi ya madzi ndi kotala la supuni ya tiyi ya soda kapena masupuni atatu a chidulo, ikani therere ndi kadzanja ka nkhwani wodula, tomato mmodzi yekha ndi kamchere. Gwiritsani ntchito poto wamkulu ndipo musavundikire, poti limafufuma n'kusefukira pamoto mukangotembenuka. Takasani ndi mthiko kwa mphindi 8 mpaka 10, mpaka lizitamuka mukakweza mthiko. Matimati akachuluka limaduka, silitereranso bwino. Likada n'kumawawa, soda wapyola. Kwa agogo omwe mano adatha, ndiwo iyi ndi chipere ndizo zimatsitsa nsima popanda vuto.

Nsima ikhale yomaliza

Ndiwo zimadikira nsima, nsima sidikira ndiwo. Tenthetsani malita awiri a madzi afunde, osati kuwira. Wazani kapu imodzi ndi theka ya ufa mukutakasa, mpaka phala liyambe kubwata. Vundikirani lipse mphindi 10, kapena 15 ngati uli mgaiwa. Ufa ukalowa m'madzi owira kale umachita mibulu, ndipo phala likapanda kupsa nsima imatuluka yachimbwindi ngakhale muivundule mpaka thukuta.

Patulani kapu imodzi ya phalalo muike pambali. Thirani ufa dzanja limodzi pa ulendo, kuvundula mpaka ulowerere musanathire wina. Wonse pamodzi ukwana makapu anayi kapena asanu. Nsima ya agogo ikhale yofewerapo kuposa ya anyamata opita kumunda. Njira yake ndi iyi: ikafika poti yagwirana koma mthiko ukuyendabe mosavuta, vundikirani mphindi 3 pamoto wochepa, pakulani mitanda iwiri ya agogo ndi chipande choviika m'madzi, kenako muonjezere ufa ya enawo. Mukalimbitsa mwangozi, phala munapatula lija ndilo lofewetsera. Ikani m'bakuli n'kuvundikira kuti isachite khungu.

Kupereka

Yalani mphasa pamthunzi, kapena ikani mpando ndi katebulo ngati mawondo amawavuta. Mdzukulu agwade, anene kuti, "Agogo, chakudya chapsa, tasambani m'manja," ndipo awathirire madzi ofunda ndi jagi, sopo ali pomwepo, beseni lili pansi. Kusambira m'beseni limodzi anthu onse kumapatsirana matenda.

Agogo akhale ndi mbale zawozawo, ndiwo iliyonse payokha. Achikulire amadya pang'onopang'ono, ndipo akaphatikizana mbale ndi ana amasiya dala kuti anawo akhute. Therere musaliphatikize ndi chipere m'mbale imodzi, limalowerera ponseponse. Ngati mwapha nkhuku, nthutumba ndi chiwindi zipite kwa iwo. Nthutumba ndi yolimba, koma kuibisa n'kulakwa, ingoiduleni tizidutswa. Pa nyama apatseni ntchafu, yofewa kuposa ya pachifuwa, mutachotsa timafupa. Tsabola wa kambuzi ndi mchere woonjezera zikhale m'kambale pambali kuti adzithirire okha. Musawaumirize kumaliza, bwino kuwapakulira pang'ono n'kuwaonjezera.

Akatha, apatseni papaya wakupsa wothira madzi a ndimu, kapena nthochi. Zipatso za vitamini C zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi masamba, pomwe tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa. Tiyiyo adikire ola limodzi kapena awiri. Mukawerenga, mbale zimenezi zafikira magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi azaumoyo amaphunzitsa, ngati nkhuku ilipo. Ngati palibe, dzira lowiritsa limakwanira.

Futali wa madzulo

Futali amakhutitsa kwambiri, moti kumuika pamodzi ndi nsima n'kuononga zonse ziwiri. Muphikeni cha m'ma 4 koloko, adye ndi tiyi uja. Sendani mbatata, dulani zidutswa zofanana, ndipo paliponse pofumbwa muchotse mokulitsa, poti kuwawa kwake kumafalikira. Ziikeni m'madzi mukamasenda kuti zisade. Wiritsani ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi ndi kamchere kotsina, movundikira, kwa mphindi 15 mpaka 20. Foloko ikalowa mosavuta ndipo madzi atsala pang'ono pansi, wazani kapu imodzi ya nsinjiro pamwamba, vundikirani mphindi 5, kenako takasani mofatsa zipse mphindi 10 zina. Mbatata yofiira mkati ili ndi madzi ambiri, choncho ichepetsereni madzi, apo ayi mupeza phala. Kwa agogo opanda mano pondani ndithu. Kwa ena siyani zidutswa zizioneka. Shuga safunika. Dzungu lokhwima limalowa m'malo mwa mbatata, koma limafuna theka la madziwo. Agogo a shuga apatseni kambale kakang'ono.

Ndiwo zotendera ndi chipere zimasasa msanga kukatentha. Zotsala masana, ngati mulibe firiji, ziwiritseninso mpaka zibwate musanadye madzulo, ndipo zisagone. Masamba omwe mwathyola n'kutsala afutseni: aviikeni m'madzi owira mphindi 2 kapena 3, akhetseni, ayanikeni mopyapyala pa lichero kapena pa thandala pamalo opita mphepo pomwe nkhuku sizifika. Pamthunzi amachedwa kuuma koma amasunga mtundu ndi mavitamini kuposa padzuwa la phwee. Akamafumbutuka mukawafinya, auma. Asungeni m'chikwatu kapena m'chigubu chotseka bwino, ndipo pophika muyambe mwawaviika m'madzi ofunda mphindi 15.